Mbumba Pawindo la Giredi 7

Kasenengwa,
Chipata.
Ogasiti.

Okondedwa alamu anga a Whiteson,

Ndiyambe ndi moni, poti ndinaleredwa, ngakhale mtima ukufuna kudumpha zonsezi. Muli bwanji kumeneko ku Kitwe? Amayi a Beauty ali bwanji ndi maondo awo aja? Nanga nkhuku zanu, zimene ndamva kuti mumazidziwa iliyonse ndi dzina lake, zikuikira?

Kuno tilipo mwa chifundo cha Mulungu. Blessings ndi Martha akukula, kungoti mphepo ya Ogasiti yawapatsa chifuwa. Amayi anu akudya bwino ndipo akuyenda ndi ndodo, koma dzanja lija silinabwerere.

Musadabwe kulandira kalata ngati tili m'masiku akale. Pa foni ndalephera nanu. Ndikangoti alamu pali nkhani, inu mwayamba kuseka, ati mkazi wanga wa Chingoni wanola kale mkondo, kenaka foni mwapatsira amayi a Beauty kuti tikambe za mtengo wa kapenta. Pepala ndiye simuliseketsa. Ndipatsira mwana wanu Beauty pobwerera kumeneko, ndipo ndamuuza kuti asakupatsireni kukhola. Akupatseni mutasamba m'manja, mutakhala pansi.

Ndikulembera m'kalasi mwanga. Sukulu ndi yotseka, koma kunyumba sindikukhazikika. Ndakhala, ndaimirira, ndasesa pamene ndinasesa kale. Mukaona zilembo zikupendama musandiseke, desiki ndi yogwedera.

Nkhani ndi ya ang'ono anu, bambo a Blessings.

Inu mumawadziwa ngati Lawrence amene munkamutuma kukamanga mbuzi. Simunawaonepo ataima pa bolodi. Ine ndinawadziwira pamenepo, tili ku Chama, ine ndikuphunzitsa ana aang'ono, iwo Giredi 7. Munthu ameneyu ankalawirira kwa opha mbuzi kukapempha mapapo, n'kudzawauzira mpweya ndi kabango pamaso pa ana kuti aone mmene timapumira. Ana a makalasi ena ankakwerana pamapewa pawindo kuti aoneko. Pobwera kunyumba ankakhala ali mbuu ndi choko, mawu atasasa, koma akuseka. Ana awo ankakhoza, alamu, ndipo makolo ankabwera ndi mpunga pakhomo pathu osawapempha.

Ndiye anamwalira amalume anu a Alfonsi. Mukukumbukira tsiku lometa, banja litakhala pansi, funso litabuka lakuti mbumba tsopano iyang'ana kwa yani. Maso onse anapita kwa inu, poti ndinu wamkulu. Inu munakanda m'mutu, n'kunena kuti ku mgodi kwatsala pang'ono kuti mupume, Lawrence apemphe kusamukira kufupi ndi mudzi, akugwirireni kaye mpando. Ine ndinali kumbali ya azimayi, koma makutu anga ndi abwino.

Sindinama, ndinakondwa. Kwathu ku Mtenguleni kunayandikira, ndinati mwambo wathu wa Ncwala ndizidzaonera osagwedezeka m'basi tsiku lonse. Anzathu ku Chama ankatichitira nsanje, ati mphunzitsi wophunzitsa kwawo ndi wodala. Walira mvula walira matope.

Ku mgodi munapuma kalekale. Ife tikudikirabe.

Tsopano ndikuuzeni mmene tsiku la mwini mbumba limayendera pa sukulu, poti inu mukaimba mumangomva kuti zonse zili bwino.

Kutsogolo kwa Giredi 7 kuli mtengo wa mango. Abale anu akabwera sagogoda, sapita kwa a hedi, sachita phokoso. Ulemu ali nawo ndithu. Amangofika n'kukhala pansi pa mtengowo, miyendo atatambasula, nkhope kuloza pawindo. Basi. Akatopa amatsokomola kamodzi.

Oyamba kuona ndi ana. Mitu yonse imatembenuka, wina n'kunong'ona kuti aticha, kwabwera alendo. Bambo a Blessings amayesa kupitiriza, koma mawu amayamba kuthamanga, choko n'kuthyoka. Mwamuna wa Chichewa angasiye bwanji mlongo wake atakhala pafumbi iye ataima pa simenti? Amalemba ntchito pa bolodi mofulumira, n'kutuluka. Akatuluka ndiye kuti tionana madzulo.

Nkhani zake mukuzidziwa. Amuna a mlongo wanu Edita akufuna kuwatenga chitengwa kupita nawo ku Madzimoyo. Ng'ombe za eni zadya thonje la mlongo wanu Dolika. Mwana wa msuweni wanu wapatsidwa mimba, pakufunika wokaimirira. Malire a munda. Chiliza cha amalume. Maliro ndiye osanena, poti mwini mbumba sangafike tsiku loika lokha ngati mlendo, ayenera kugona komweko, kuona za okumba manda, kulankhula kumanda. Sindikuti nkhani zimenezi n'zachabe, ayi. Koma zonse zimadziwa njira imodzi, ya ku Giredi 7, ndipo Loweruka sizilidziwa.

Musati sindinayese. Ndinauza alongo anu kuti nkhani zonse zizibwera Lamulungu tikachoka ku Misa, kunyumba kwathu. Ndinaphika thobwa, ndinayala mphasa pakhonde. Tinakhala ndi bambo a Blessings mpaka dzuwa kupendeka, thobwa tinamwa tokha ndi ana. Lolemba m'mawa pansi pa mango panali anthu atatu. Kenaka ndinamva mphekesera kuti mkazi wa mwini mbumba wayamba kuika malamulo, akuona ngati mbumba ndi Giredi 3 yake.

Giredi 3 yangayo ili khoma limodzi ndi kalasi yawo. Chiyambireni maphunziro aulere ana anasefukira, anga okha akupitirira zana, ena amakhala pa matumba pansi. Ndikamva phokoso kuseri kwa khoma ndimadziwa kuti atuluka. Ndimasiya anga akuwerenga mokweza, ndithamangire uko, ndikuwe, ndilongosole theka la samu, ndimve anga ayamba kumenyana, ndibwerere. Mapanga awiri avumbwitsa. Pofika masana ana a uku sanaphunzire, a ukonso sanaphunzire, ine mutu ukuwawa.

Makope a ana anga aunjikana pa tebulo osachonga. Ena akupita ku Giredi 4 asakudziwa kuwerenga dzina lawo. Ine amene ku Chama ndinkaphunzitsa ndi nyimbo, lero ndasanduka mphunzitsi wokuwa, ana akandiona panjira amapatukira m'tchire. Zimandipweteka, alamu, sindinaphunzire ntchito imeneyi kuti ndizidzaopseza ana a eni.

Musaganize kuti zimathera pa ife awiri. Pa sukulu pano aphunzitsi ndife ochepa kale, ndipo aliyense ali ndi chake chomulemera. Nyumba n'zosakwana. Ena amachokera m'tauni ku Chipata pa njinga zamoto, amafika ali fumbi lokhalokha, nthawi ya mvula ali matope mpaka m'maondo. Atsikana awiri amene anatumizidwa kudzaphunzitsa chaka chatha akugona m'chipinda chosungiramo mabuku. Komabe anthuwa ankalimbikira, ankati ngati a Mbewe, kunena bambo a Blessings, munthu wamkulu, amalowa m'kalasi belu lisanalire, ife ndife yani.

Lero akuti a Mbewe ali ndi mbumba, kodi ife tinagwa kumwamba? Uyu wapita kukaona za feteleza, uyu Lachisanu sabwera. A hedi akawafunsa amangoloza ndi mlomo ku Giredi 7. Ine ndikalowa m'chipinda cha aphunzitsi nkhani imaduka, wina n'kuyamba kuyamikira chitenje changa.

A hedi athu, Mayi Daka, ndi munthu wopirira. Koma tsiku lina anatopa. Anapita pansi pa mtengo paja n'kuuza a Dolika mwaulemu kuti nkhani za kumudzi zizidikira ana aweruke. Ee, alamu! Sabata imeneyo anthu a m'mudzi mwanu anali akuumba njerwa za kalasi yatsopano. M'mawa mwake kudambo kunalibe ndi mmodzi yemwe, zikombole zili gada. Akuti ngati sukulu ikuthamangitsa eni nthaka, iumbe yokha. Anakapepesa ndani? Bambo a Blessings omwewo, nthawi ya masamu.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi msonkhano wa makolo. Zotsatira za chaka chatha zinali zochititsa manyazi. Ndiye anaimirira ndani kudandaula kuti mphunzitsi wa Giredi 7 sapezeka m'kalasi, ana akungosewera? A Dolika, mlongo wanu weniweni, poti Emmanuel wawo ali m'kalasi imeneyo chaka chino. Anthu anaomba m'manja.

Tikutuluka, a Dolika omwewo anawakokera pambali bambo a Blessings, ati mawa m'mawa mundiperekeze kwa eni ng'ombe zija. Ine magazi a Chingoni anakwera. Ndinawafunsa kuti alamu, si inu mumadandaula mkatimu? Anandiyang'ana modabwa zenizeni, ati zija ndimanena za sukulu, izi ndi za banja.

Ndaima pang'ono apa, ndimayesa ndamva njinga ya bambo a Blessings. Si iwo, ndi wogula soya.

Utatha msonkhano umenewo bambo a Blessings anachita manyazi kwambiri. Analumbira kuti nthawi ya sukulu satulukanso. Anapachika thumba pawindo kuti asamaone mtengo. Kwa kanthawi ndinamuonanso munthu wanga wa ku Chama. Anayambanso kujambula zithunzi zophunzitsira pa mapepala akuluakulu: mtima, diso, ulendo wa madzi kuchoka kumtsinje kupita kumitambo. Ndinkamva ana akuseka kuseri kwa khoma, kuseka kwa phunziro osati kwa chipwirikiti. Ine ndimasiyanitsa.

Ndiye linafika tsiku lija la amayi. Inu munangomva kuti anagwa kudimba, apita nawo kuchipatala. Simunamve zonse.

A Edita anathamanga kuchokera kudimba kudzafuna njinga yamoto ya bambo a Blessings. Atafika pa sukulu, chizolowezi chinawagwira. Sanagogode, sanakuwe. Anakhala pansi pa mtengo, misozi ikuyenderera, kudikira kuti awaone. Mwana wina anasuzumira n'kunong'ona kuti kwabwera alendo. Bambo a Blessings anati alendo adikire, tsegulani mabuku. Anaphunzitsa mpaka belu. Pamene ankatuluka anapeza a Edita atabwerera, amayi atanyamulidwa kale pa ngolo.

A dokotala sananene kuti kuchedwa ndiko kunapha dzanja. Palibenso m'bale amene anawaloza chala pamaso. Amangoti, akamafotokozera odzazonda, aphunzitsi tsiku limenelo anatanganidwa ndi ana a eni. Amayi okha, pakamwa patapindika, anawagwira ndi dzanja labwinolo n'kunena kuti usadandaule mwanawe, ntchito ya boma ndi ntchito. Bola akanawatukwana, alamu. Mawu amenewo ndiwo anawamaliza.

Thumba lija analichotsa m'mawa mwake. Tsopano amaphunzitsa diso lili pawindo. Galu akadutsa, atuluka kukaona. Munthu akabwera ndi nkhani ya nkhuku yosowa, akwera njinga. Kunyumba sakudya bwino, belu la njinga likalira pamsewu aimirira chakudya chili m'manja. Tsiku lina Martha anandifunsa kuti amayi, kodi adadi akadali aticha kapena anakhala amfumu? Ndinamukalipira, koma mwanayo sanalakwe.

Mwezi watha ana a Giredi 7 anachita chinthu chimene mpaka lero sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Mayeso oyeserera atayandikira, m'mawa wina ndinangomva zii kuseri kwa khoma. Nditasuzumira ndinaona kalasi yonse yatuluka, yakhala pansi pa mango, miyendo yotambasula, makope pamiyendo, phee.

Bambo a Blessings akufika kuchokera kumudzi anawafunsa kuti ichi n'chiyani. Mtsikana wina wolimba mtima, Leticia, anagwada n'kunena kuti aticha, taona kuti okhala pano ndi amene mumawamvera, ndiye nafenso tabwera ndi nkhani yathu, masamu ogawa atikanika. Wina kumbuyo anatsokomola kamodzi, monga amachitira alongo anu.

Ndinayembekeza kuti aseka, kapena akalipa. Anangowauza kuti lowani ndikubwera. Tsiku limenelo anawaphunzitsa, inde, mpaka ana anachedwa kuweruka. M'mawa mwake kunagwa maliro kwa asuweni anu, ndipo anakagona komweko.

Mayeso oyeserera anayenda monga mukuganiziramo. Emmanuel wa a Dolika naye anagwa.

Tsiku lotsekera temu a hedi anaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi. Bambo a Blessings kunalibe, anapita kukapangana tsiku la chiliza. Mayi Daka analankhula maso ali pa tebulo. Anati mayeso enieni ali pafupi, sangaike ana pachiswe chifukwa cha ulemu wa munthu mmodzi. Giredi 7 aipereka kwa mmodzi wa atsikana atsopano aja. A Mbewe temu ikubwerayi aziyang'anira munda wa sukulu ndi kulowa m'kalasi imene mwini wake wadwala. Palibe anatsutsa. Ngakhale ine sindinatsutse, poti ndikanakhala hedi ndikanachita zomwezo.

Ndinayenda kupita kunyumba ndikukonza mawu owatonthozera. Ndinkaopa kuti akamva aswa mbale, kapena apita kukayambana ndi a hedi. Atabwera madzulo anayamba kumanga tcheni cha njinga kuseri kwa nyumba. Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza zonse. Anapukuta manja pa thalauza, n'kunena kuti komanso ndi bwino choncho, ndizipezako mpata wa kumudzi. Kenaka anandipempha kuti ndiwapatsire sipanala.

Alamu, ndinalira. Ndinalowa m'bafa n'kulira ngati kwagwa maliro. Akanakwiya ndikanadziwa kuti mphunzitsi uja akadalimo.

Sabata yatha ndinapita kukaona amayi. Ndinapeza mawindo a nyumba yawo atatsekedwa bwinobwino kuti mphepo isamalowe. Atseka ndi zithunzi zophunzitsira zija. Mtima uli pawindo la kuchipinda, diso layang'ana kukhola la mbuzi. Nditawafunsa bambo a Blessings, anati zikanangodyedwa ndi chiswe, bola zigwireko ntchito.

Tsopano mvetserani bwino, poti apa ndi pamene ndimafuna kufika.

Ku Chama kuli banja lina la aphunzitsi, mwamuna ndi mkazi. Ana awo ali ku sekondale kuno ku Chipata, ndiye akufuna kusinthana nafe, iwo abwere kuno, ife tibwerere uko. Kwawo ndi ku Petauke, alibe mlongo amene angafike pansi pa mango ndi miyendo. Mwayi wotere, wa awiri ndi awiri, subwera kawiri. Mayi Daka akuti sangaletse. Anthuwo akufuna yankho sukulu isanatsegulidwe, apo ayi alankhula ndi ena a ku Katete.

Ndinawauza bambo a Blessings. Ndinaona nkhope yawo itawala pang'ono, kenaka n'kuzima. Anati mpando si wanga, ndikungogwirizira akulu anga, sindingausiye pansi iwo asananene. Ndinati aimbireni. Anati mng'ono safunsa mkulu wake kuti mubwera liti, kumakhala ngati ukumuphunzitsa udindo. Ndinati ndiye mudzafera pampando wobwereka? Anatenga chipewa n'kutuluka.

Kwathu ku Chingoni ana ndi a bambo, mwamuna amayamba waona nyumba yake. Ine ndinalowa mwanu ndikudziwa kuti kuno malume ndiye amasenza, ndipo sindinyoza mwambo wa eni. Mbumba ikufunika mwini. Amayi akufunika munthu pafupi. A Edita sangakaime okha pamaso pa apongozi awo. Zonsezi n'zoona. Koma mwiniwake alipo, ali ndi moyo, ali ndi penshoni yake, ali ku Kitwe akutola mazira.

Nkhuku zimakwera basi, alamu. Kuno gaga ndi wosavuta kupeza, ndipo mazira ku Chipata amagulidwa ngati kwina kulikonse. Nyumba ya amalume ilipo, yangosowa malata angapo. Inu mukakhala pansi pa mtengo uliwonse kumudzi, palibe mwana wa munthu amene alephere mayeso.

Ndikukugwadirani. Bwerani mudzatenge mpando wanu. Ngati simungathe kukhala kuno chaka chonse, bwerani mudzanene pamaso pa amayi ndi alongo anu munthu wina amene aziimirira m'malo mwanu, wopanda kalasi yomudikira. Koma munene ndi pakamwa panu, muli pano, osati pa foni. Musatumize shuga. Musandiuzenso kuti tipemphere. Ndapemphera, ndapereka Misa, ndipo bambo mfumu a kutchalitchi akandiona ndikubwera amadziwiratu nkhani yake.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chikundiyendetsa m'kalasi muno ngati thadzi lofuna poikira.

Dzulo anthu a ku Chama aja anaimba. Bambo a Blessings anali kumudzi. Anthuwo anandifunsa kuti mwaganiza zotani, ine ndinayankha kuti tavomera, tonse awiri. Ndinapitanso kwa Mayi Daka n'kuwauza chimodzimodzi, ndipo iwo akuti mawa akadziwitsa a ku ofesi ya maphunziro. Amuna anga sakudziwa. Ndiwauza pokhapokha Beauty atakwera basi, kalatayi itachoka, kuti pasapezeke wondiuza kuti ndiing'ambe.

Ndikudziwa chimene chitsatire. Adzati ndawayenda pansi, ndalankhula m'dzina lawo ngati iwo anafa. A Dolika adzati Mngoni uja akuba mlongo wathu amayi ali chidwalire. Udzakhala mlandu wa banja, ndipo sudzakhala waung'ono. Chikwatiwireni sindinawanamizirepo kanthu munthu ameneyu, ndipo ndikuopa, sindibisa. Mwina adzandikhululukira tili ku Chama. Mwina adzandiuza kuti njira ya ku Mtenguleni ndikuidziwa.

Koma mlandu umenewu mwini mbumba wogwirizira sangaukambe, poti ndi wa m'nyumba mwake. Ukufuna ankhoswe a ukwati wathu. Ku mbali yanga alongo anga a Yakobo ndawadziwitsa kale, akuti njinga yawo ili ndi mpweya. Ku mbali ya amuna anga, amene anaima m'tchalitchi atavala suti yothina ija, n'kulonjeza pamaso pa ansembe kuti banjali likadzagwedera adzafika, ndi inu.

Choncho ulendo wa ku Chipata ulipo ndithu, alamu. Chimene ndakusiyirani n'kusankha chimene mukubwerera, kudzamasula mng'ono wanu kapena kudzaona banja lake likutha.

Mundiperekere moni kwa amayi a Beauty, muwauze kuti mtedza uli m'chikwama cha mwanayo ndi wawo, asakugawireni. Moni kwa ana onse ndi zidzukulu zanu. Ambuye akusungeni, akufewetseni mtima, akuyendetseni bwino panjira. Bulangete lanu ndachapa kale, likuuma pachingwe.

Ndine mlamu wanu,

Vailet